Inu obwereketsa makina omangira pa Facebook, wakutsina khutu ndi mnansi

Ana anga, inu amene muli ndi mikisala ya konkire, makompakita otsendera dothi, majenereta, masikafodi okwerapo amisiri ndi makina oumbira mabuloko, amene mumatsatsa pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp kuti zipangizo za hayala zilipo, takhalani pansi mundimvere. Ine ndakalambira pa sayiti muno mu Lilongwe. Ndinayamba ndi kukankha wilibala mpaka kufika pa ukapitawo, ndipo katsatsidwe kanu ka masiku anoka kakundiwawitsa mutu.

Disembala wapitayu mphwanga amathira silabu ku Area 49. Mikisala anaipeza pa Facebook, pachithunzi ili yachikasu, yonyezimira ngati yangotuluka m'kontena. Anatumiza dipoziti pa Airtel Money, n'kupangana kuti pofika 6 koloko m'mawa ikhale ili pa sayiti. Tsiku litakwana, matumba 60 a simenti ali poteropo, kwale ndi mchenga zili mbwee, anyamata aganyu 18 afika ndi mafosholo awo, amayi otunga madzi adzaza migolo kusanache. 6 koloko, zii. 9 koloko, foni ikungoitana. Inatulukira cha m'ma 1 koloko masana, yakuda bii ndi dzimbiri, mwendo umodzi womanga ndi waya, injini ikutsokomola ngati nkhalamba ya fodya. Woiyendetsa? "Ameneyo mulipira padera, bwana." Dizilo? "Sitinagwirizane za mafuta." Pomwe imayamba kuzungulira n'kuti mitambo ya ku Dzalanyama itadetsa kale kumwamba. Anathira theka la silabu, injini inazima, mvula inabwera.

Mwina simudziwa chimene munawononga, poti ambiri a inu makinawa munangogula, konkire simunaigwirepo. Silabu saithira modukiza. Mbali ina ikagwira lero, ina n'kudzathira mawa, pokumanira pake pamakhala msoko, ndipo ndi pamenepo madzi amalowera n'kukadya zitsulo za mkati. Kwa inu inali positi chabe, yolemba mukudya kanyenya. Kwa mnzanu ndi denga limene lidzamudonthera zaka zonse.

Tiyambe ndi zithunzi. Mumatola chithunzi pa intaneti, china kumbuyo kwake kukuoneka chipale chofewa, china chili ndi zilembo za Chitchaina pakona, n'kulembapo kuti "zilipo ku Lilongwe". Mukunamiza yani? Tulutsani makina anu pabwalo dzuwa likuwala, muwajambule kutsogolo ndi m'mbali, muikeponso kavidiyo injini ikulira. Ngati ndi akale, nenani kuti ndi akale koma amagwira. Mmisiri saopa penti yosupuka, amaopa makina ofera pakati pa ntchito.

Ndiye pali matenda awa akuti "mtengo bwerani ku inbox". Mayi wa tomato ku Wakawaka amakuuza mtengo wa mulu usanawerame n'komwe, inu a makina a mamiliyoni mukubisa chiyani? Ndikudziwa chodzikhululukira chanu. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masipeya amachokera kunja, dizilo amavuta, mitengo siikhazikika. Zoona zimenezo. Ndiye lembani mtengo wa lero, muike ndi deti lake, ukasintha musinthe. Koma kubisa kumene mumachitaku n'kofuna kuyamba mwaona mbiri ya munthu, kuti wa ku Area 43 mumutchule zina, wa ku Mtandire zina. Anthu anakutulukirani kalekale.

Ndipo mtengo wokha sukwanira. Ndi wa tsiku kapena wa ola? Tsiku lanu limatha nthawi yanji? Woyendetsa makina ali momwemo? Mafuta ndi a ndani? Thiransipoti kuchokera ku Kanengo kupita ku Area 25 siingafanane ndi yopita ku Njewa kapena ku Chinsapo. Inu a makatapila okumba maziko ndi kusalaza mapuloti ndiye mumanyanya: munthu mwagwirizana naye za maola, pa tsiku lake ndi pomwe mukumuuza kuti lobedi, chigalimoto chonyamulira katapilayo, alipire yekha, popita ndi pobwerera. Katapila wa chitsulo wasanduka katapila wa ngongole. Zonsezi zilembeni pa positi pomwepo, mizere isanu yokha, munthu awerenge n'kudziwa ngati thumba lake lifikapo.

Nenaninso kukula kwa chinthu. Mikisala ndi yosakaniza thumba la simenti lathunthu kapena theka? Jenereta mphamvu yake ndi ma kVA angati, ingakoke makina owotcherera zitsulo? Chiyambire 2018, pamene boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kupulumutsa mitengo, anthu ambiri akusaka makina a mabuloko. Koma muwauze ngati anuwo ali a manja kapena amafuna magetsi amphamvu aja a three phase, chifukwa mapuloti atsopano ambiri alibe ngakhale polo ya magetsi pafupi. Za masikafodi ndiye ndilankhule mokweza: mukalemba kuti seti ndi yokwanira, ikhaledi yokwanira, ndi zopingasa zake zonse ndi mapini ake. Zikaperewera, anyamata amalumikiza ndi waya ndi mitengo ya bulugamu, kenaka timamva kuti wina ali ku Kamuzu Central Hospital msana utathyoka.

Kulemba kuti "Lilongwe" si kunena malo. Mzindawu ndi waukulu, wa ku Area 36 ndi wa ku Lumbadzi sali pamodzi. Tchulani dera ndi chizindikiro chapafupi, kuti ofuna kuona ndi maso abwere adzaone asanatumize ndalama. Dzina lotuluka pa Mpamba kapena Airtel Money lifanane ndi lomwe lili patsamba lanu. Kumbukirani kuti kuli akuba amene amaba zithunzi za eni makina, n'kumalandira madipoziti kenako kuzimitsa foni. Inu mukamabisa malo, mtengo ndi dzina, munthu akusiyanitsani bwanji ndi iwowo?

Makina amodzi musalonjeze anthu awiri tsiku limodzi. Mapanga awiri avumbwitsa, koma apa wovumbwa si inu, ndi uja simenti yake yatsegulidwa kale. Makina akatuluka kapena akafa, lembani kuti palibe, ndipo foni muziyankha ngakhale uthenga uli woipa. Mphwanga akanauzidwa 7 koloko kuti zavuta, akanaimitsa ntchito asanang'ambe thumba ndi limodzi lomwe. Ndipo musaiwale kuti kutsatsa monama ndi nkhani imene a Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda, amamva madandaulo ake, ndipo positi yanu munthu amaijambula n'kuisunga.

Mphwanga anabwezeredwa theka la dipoziti patatha masabata atatu akupempha ngati ndi mphatso. Dzulo ndinapitanso patsamba lija. Positi ikadalipo, chithunzi chachikasu chomwe chija, ndipo m'munsi mwake mayi wina akufunsa ngati mikisala ilipo Loweruka lino poti akuthira silabu ku Area 36. Ndamulembera kuti asatumize kanthu asanakaimve ikulira ndi makutu ake.