Chenjezo kwa amalonda a m'mbali mwa M1: lekani kukalipira odandaula pa intaneti

Ana anga a nyumba zogona alendo, a malo odyera ndi inu ogulitsa kachewere kuyambira pa Chimbiya, pa boma la Dedza, Bembeke mpaka ku Lizulu, tcherani khutu. Pali khalidwe lomwe likumera mizu pakati panu, ndipo kukhala chete kwandikanika.

Mwezi wa Juni mphwanga wa ku Blantyre anagona pa malo ena kuno ku Dedza. Mukudziwa mmene kumazizirira nthawi imeneyo, mphepo ikamatsika m'phiri mpaka mano kuwombana. M'chipinda anapeza bulangeti limodzi lopyapyala, m'mawa madzi osamba ngati otunga pachitsime. Atafika kwawo analemba pa Google Maps mwaulemu ndithu, napereka nyenyezi 2 mwa 5. Mwini malo anamuyankha pagulu kuti akanafuna zapamwamba akanapita kuhotela, asamaipitse mbiri ya anthu. Nditawerenga ndinagwidwa manyazi ngati malowo ndi anga.

Kodi mumayesa yankho lotere amawerenga ndi wodandaula yekhayo? Amawerenganso munthu amene wawoloka pa bodala kuchokera ku Mozambique usiku, akusaka pogona pa foni yake. Amawerenganso mlendo wodzaona zojambula za pamiyala ku Chongoni, zimene bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, UNESCO, linazilemba m'gulu la malo ofunika padziko mu 2006. Za madzi ozizira owerengawo akhoza kukukhululukirani, poti zinthu zimawonongeka paliponse. Akaona pakamwa panu mmene palili, amapitirira ulendo kukagona ku Lilongwe.

Ena mumathamangira kufufuta. Pa Google mwini bizinesi alibe mphamvu yochotsa yekha zomwe kasitomala walemba. Pa Facebook mungafufute, inde, koma wina amakhala atajambula kale, mawa zili m'magulu a WhatsApp, ndi nkhani yowonjezera yakuti munabisa. Enanso mumatuma abale kulemba zokutamani. Anthu si ana, amazindikira.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Makasitomala ambiri akakhumudwa salankhula, amangolipira n'kupita osabweranso, inu n'kumanena kuti malonda avuta kapena wina wakulodzani. Amene walemba uja wakuuzani kwaulere zimene antchito anu sangakuuzeni poopa kuchotsedwa ntchito: kuti chotenthetsera madzi chinafa sabata yatha, kuti wolandira alendo amakhala pa foni munthu ataima, kuti nsima ikufika pathebulo itazizira. Ambiri a inu simukhala pamalopo tsiku lonse. Mukanazidziwira kuti?

Ndinaona ndi maso mayi wina pa Lizulu. Wogula wa ku Zomba analemba pa Facebook kuti mu ndowa yake kachewere wamkulu anali pamwamba pokha, pansi timiyalamiyala ndi woola. Mayiwo sanakalipe. Anafufuza, napeza kuti ndi mnyamata wawo amene ankathira choncho iwo akachokapo. Anaimba foni, napepesa, nabweza ndalama pa Airtel Money. Lero amakhuthulira ndowa m'thumba pang'onopang'ono wogula akuona mpaka kachewere womaliza. Wogula uja analembanso pamalo omwewo kufotokoza zomwe mayiwo anachita, ndipo akamadutsa amaima pomwepo ndi anzake.

Sindikunena kuti aliyense wolemba amanena zoona. Alipo ansanje. Kwa otero yankhani mwachidule, mofatsa, munene chomwe chinachitika basi. Koma musaiwale kuti wogula ali ndi ufulu wodandaula pansi pa lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo mukamunyoza angathe kukatula nkhani ku bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission.

Usiku uno tsegulani foni, muwerenge zonse zomwe anthu analemba za inu, ngakhale za chaka chatha. Dandaulo lomwe labwera kawiri katatu, yambirani pomwepo. Ndipo inu a malo ogona, gulani mabulangeti Juni asanafike.