Mowa wamoyo ndi mphindi 15 za ku sitediyamu

Loweruka lapitali ndinaphonyanso chigoli chifukwa cha mowa. Osati kuti ndinaledzera ayi. Ndinali pamzere kunsi kwa masitepe a sitediyamu ina yaikulu kuno ku England. Dzina la timuyo ndisatchule, masapota ake ena ndimagwira nawo ntchito. Wezulo yopumira itangolira tonse tinakhamukira pansi ngati nkhuku zaona madeya. Pamene ndimafika kutsogolo kwa mzere, osewera anali atabwerera kale m'bwalo. Mtsikana wogulitsa, wooneka kuti watopa kuposa ine, anandipatsa laga yozizira mpaka kuwawitsa mano, m'kapu ya pulasitiki yofewa yoti ukangoigwira molimba mowa umasefukira m'manja. Mapaundi 7. Payi yake inali yotentha ngati khala kunja, m'kati muli zii. Kenako chimtunda chonse chinagwedezeka ndi phokoso, ine ndili chilili pafupi ndi khomo la chimbudzi, kuonera pa TV chigoli chomwe chagoletsedwa kuseri kwa khoma lomwe ndatsamira.

Wina kumudziko afunsa kuti, nanga osangotenga mowawo n'kukakhala nawo pampando bwanji? Sizitheka. Kuyambira 1985 pali lamulo loletsa kumwa mowa pamalo pomwe ukuona bwalo, pamasewero a maligi asanu apamwamba a amuna, kuchokera Premier League mpaka National League. Chaka chimenecho mpira wa kuno unali pamaliro. Mu March masapota anachita chipolowe choopsa ku Luton, mu May anthu 39 anafa ku Heysel mumzinda wa Brussels Liverpool ikusewera ndi Juventus, ndipo boma la mayi Margaret Thatcher linkaona sapota aliyense ngati chigawenga chomwe sichinagwidwe. Ku Scotland anali atatseka kale mipopi pambuyo pa ndewu ya pa fainolo ya Celtic ndi Rangers ku Hampden mu 1980. Sindikunyoza anthu omwe anapanga malamulowo, zinthu zinalidi zitafika poipa. Koma papita zaka 40. Masitediyamu anasintha, muli makamera ngodya iliyonse, wochita zachisawawa amadziwika ndi nambala ya mpando wake. Komanso munthu yemweyo, jekete yomweyo, akapita kukaonera rugby kapena cricket amamwa painti yake ali phee pampando, palibe womufunsa.

Chomwe lamuloli limabala ndi chija ndinachiona Loweruka: anthu masauzande ofuna kumwa nthawi imodzi, m'mphindi 15, ataimirira m'khonde la simenti. Munthu amagugudiza painti yonse ngati mankhwala a malungo kuti athamangire kumpando. Ena amayamba kukhuta m'mapabu kutatsala maola atatu chifukwa akudziwa kuti m'kati mulibe mpata. Ngati cholinga chinali choti anthu azimwa mwaulemu, ine sindikuona kuti chinatheka. Ndipo wogulitsa akadziwa kuti kasitomala ali ndi mphindi zochepa komanso sangatuluke pageti kukagula kwina, amasankha mowa womwe umathiridwa msanga, osati womwe umakoma.

Apa ndi pamene pamabwera mkangano wa real ale, womwe masapota achikulire a kuno satopa nawo.

Ndivomere kaye tchimo langa. Ine ndinakulira Green yozizira, botolo likuchita thukuta. Tsiku loyamba kulawa real ale ndinkaganiza kuti andipatsa mowa wogona. Wosazizira kwenikweni, gasi wochepa, wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Kunali ku kabwalo ka timu ina yaing'ono ya m'maligi apansi, komwe masapota onse sakwana 400 ndipo galu amalowa ulere. Mdala wina yemwe amathandiza pabala ya kilabuyo anaona nkhope yanga itachita makwinya, n'kuseka. M'malo mondinyoza ananditengera kukachipinda kozizirira kuseri, n'kundionetsa migolo iwiri yachitsulo itagonekedwa chammbali, iliyonse ili ndi kamsomali ka mtengo pamwamba. Anati mowa umenewu suphikidwanso kuti yisiti afe, susefedwa mpaka kuyera mbee, ndipo saupopera gasi. Umachoka kofululira usanamalize kupsa, umadzamalizira mumgolo momwemo. Ukafika amausiya tsiku limodzi kapena awiri kuti nsenga zikhale pansi, amaboola kuti upume, n'kumausunga pa madigiri 11 mpaka 13. Pothira amachita kukoka ndi chogwirira chachitali chija cha pabala, ngati mjigo. Mgolo ukangotsegulidwa uli ndi masiku atatu basi, kupitirira apo wayamba kusasa.

Ndinawayang'ana madalawo n'kunena kuti, "Bambo, mukufotokozatu masese." Zoonadi. Aliyense amene anakulira pafupi ndi mayi wofulula amadziwa kuti mowa ndi chinthu chamoyo. Lero ndi wotsekemera, mawa wapsa, mkuja wakalipa, ukachedwa nawo wataya chimera chako pachabe. Chibuku cha m'paketi n'chimodzimodzi, chimapitiriza kuwira chili m'manja mwako, n'chifukwa chake omwa enieni amafunsa kuti chafika liti. Ndiye pali Chibuku Super cha m'botolo, chomwe anachikhazika mtima pansi kuti chizikhala masiku ambiri osasintha. Kusiyana kwa ziwirizi ndiye kusiyana kwa real ale ndi mowa wa mu keg, wosefedwa ndi wopoperedwa gasi uja, womwe umadzaza masitediyamu. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuuyerekeza ndi Green, ndinayamba kuumva kukoma kwake: kafungo ka chimera, kuwawira kwa hops, timaluwa tothira mumowa, kumapeto, ndipo sukutupitsa mimba ngati wameza baluni.

Azungu anzathuwa anachita kuumenyera nkhondo mowa umenewu. Mu 1971 anyamata anayi anayambitsa bungwe loteteza real ale lotchedwa CAMRA ataona kuti makampani akuluakulu akuchotsa migolo m'mapabu n'kuikamo mowa wa gasi. Mpaka lero bungweli limatulutsa buku chaka chilichonse la mapabu othira mowa wabwino, ndipo pali masapota oyenda ndi timu yawo omwe ulendo wonse amaukonza poyang'ana bukulo: sitima ifika nthawi yakuti, pabu yoyamba ndi iyi, yachiwiri ndi iyo, pageti 2:45. Ena amawaseka kuti ndi madala a ndevu ndi mimba. Ndevuzo zilipodi, sindikana. Koma mfundo yawo ndi yolunjika: timu ndi ya mudzi, ndiye bwanji chomwe timamwa pabwalo lake chikhale chofanana ndi cha pabwalo la ndege lililonse padziko?

Makilabu akuluakulu yankho lawo limakhala lakuti mowa wa mumgolo ndi wovuta. Timu ya Premier League imasewera pakhomo masewero 19 okha a ligi pa sizoni, nthawi zambiri pakadutsa masabata awiri, ndiye wotsala ungatayidwe. Koma tiyeni tiwerenge. Mgolo wamba, womwe amautcha firkin, umalowa mapainti 72. Pabwalo la anthu 30,000, mapainti 72 ndi chiyani? Amatha osewera asanamalize kutenthetsa thupi. Amene akanayenera kuopa kutaya mowa ndi kakilabu kaja ka anthu 400, koma ndi komweko komwe mdala wongodzipereka amabwera Lachinayi madzulo kudzagoneka migolo. Ine ndimaona kuti nkhani yagona pawiri. Choyamba ndi liwiro, poti kukoka painti ndi dzanja kumatenga nthawi kuposa kutsegula mpopi. Chachiwiri, chomwe sachitchula mokweza, ndi makontirakiti. Kampani yaikulu ya mowa imalipira ndalama zambiri kuti mipopi yonse ya m'sitediyamu ikhale yake, ndipo wofulula wamng'ono wa m'tauni momwemo alibe poponda.

Umboni woti n'zotheka ulipo. Brighton itatsegula bwalo lake latsopano ku Falmer mu 2011 inaika Harvey's, mowa wa ku Lewes, katauni koyandikana nako, komwe akhala akufulula kwa mibadwomibadwo. Anafika poyitanitsa mowa wa kwawo kwa timu yobwera kuti alendo amve ngati ali pakhomo. Tottenham pabwalo lake la 2019 inaikamo kofululira mowa ka Beavertown m'kati mwenimweni, bala yotalika mamita 65, ndi makapu odzaza kuchokera pansi kuti mzere uziyenda. Wa Tottenham si real ale weniweni, a CAMRA angandidzudzule, ndipo Beavertown yomweyo inagulidwa yonse ndi Heineken mu 2022. Komabe zikuonetsa kuti kilabu ikafuna kuganizira pakhosi pa sapota, nzeru zimapezeka.

Za chakudya ndisachulutse, poti aliyense ali ndi chilonda chake. Mwambo wa kuno ndi payi ndi Bovril, kamsuzi ka ng'ombe kakumwa m'kapu, komwe sindinakamvetse mpaka tsiku lina la January zala zitauma ndi chisanu. Ku Wigan amaika payi m'kati mwa banzi, osafunsa chifukwa. Ku Kilmarnock payi yawo ndi yotchuka mwina kuposa osewera ena. Forest Green Rovers inachotseratu nyama ndi zamkaka pabwalo lake, anthu anaseka, koma inasankha chinthu n'kuchichita bwino. Chomwe chimandipweteka si mtundu wa chakudya, ndi kusalabadira. Baga youma m'banzi lozizira, tchipisi 12 zowerengeka, pamtengo woti kunja ungadyere banja. Nthawi yomweyo m'chipinda chapamwamba, kuseri kwa magalasi, ena akudya ndi mafoloko. Roy Keane, ali kaputeni wa Manchester United, anawanena kale amenewa mu 2000, kuti ku Old Trafford kwadzaza anthu odya masangweji a prawn osadziwa zomwe zikuchitika m'bwalo. Chodabwitsa n'chakuti lamulo lija limawakhudzanso iwo: mpira ukayandikira kuyamba amatseka makatani kuti tambula ya wayini isaonane ndi udzu. Dziko la anthu ophunzira, koma likubisa bwalo ndi nsalu.

Zikatere ndimakumbuka pa Kamuzu Stadium tsiku la Maule ndi Manoma. Kunja chiwaya chili tchweee, chimanga chootcha, nzimbe, mnyamata wa mtedza akudutsa m'mizere, wa mafirizesi ali pambuyo pake. Chakudya chimakupeza pomwe wakhala, ndipo wogulitsayo ndi mayi wa ku Ndirande kapena ku Chitawira yemwe ndalamayo ikagulira ana ndiwo madzulo omwewo. Sindikuti kwathu zonse zili bwino, za zimbudzi ndi kukankhana pageti tonse tikuzidziwa. Koma sindinaphonyepo chigoli chifukwa cha mtedza.

Tsono ndimve mbali inayo, chifukwa mnzanga wina amene amapita ndi ana ake awiri kumpira ananditsutsa mwamphamvu, ndipo sanalakwe. Akuti mukalola mowa m'mipando, chigoli chikalowa makapu onse aziuluka m'mwamba ngati zimachitikira m'malo oonetsera masewero a England pa sikirini, ana n'kubwerera kunyumba akununkha ngati shabini. Akutinso anthu azingodzukadzuka, uyu wopita kubala, uyu wopita kukataya madzi, iwe n'kumaona misana m'malo mwa mpira. Ndipo pali masewero ena, aja a adani enieni, omwe ngakhale ine sindingafune kuti munthu wa kumbuyo kwanga akhale ndi chilichonse choponya m'manja. Zonsezi ndi zoona. Koma yankho lake ndi kugawa malo, mbali ina ya mabanja yopanda mowa, mbali ina yololedwa, ndi kupatsa apolisi mphamvu yoletsa pamasewero oopsa. Ku Germany amamwa m'masitandi, kapu umailipirira kadipoziti kuti uibweze, ndipo mpira wawo sunathe. Kuno ku England, lipoti la 2021 la mayi Tracey Crouch, nduna yakale ya zamasewero, linapempha kuti ayesere m'maligi a League Two ndi National League. Mu 2025 anayesera pamasewero a amayi, ku Birmingham City, Bristol City, Newcastle ndi Southampton. Kwa amuna tikudikirabe.

Palinso mbali ya ndalama yomwe imapweteka matimu ang'ono. Kilabu ya mu ligi yachisanu ndi chimodzi, ngati mmene inalili Dulwich Hamlet ya ku London, imapeza gawo lalikulu la ndalama zake pogulitsa mowa kwa anthu oimirira m'mphepete mwa bwalo. Ikakwera ligi imodzi yokha, lamulo la 1985 limaigwira, mpopi uja n'kuphwa. Ndiye kuti kupambana kumasanduka chilango. Ndi mpira wanji umenewo?

Sizoni ino ndatsala ndi matikiti awiri a kubwalo lalikulu lija, ndipita, poti timu ndi timu, mtima sumva. Koma ndizidyeratu kunyumba, nthawi yopuma ndizikhala pampando panga ngati mwana wolangidwa. Loweruka likubwerali ndili kwa madala aja. Anditumizira uthenga kuti agoneka mgolo wa mowa wakuda wochokera kofululira kwina kwa m'dera lomwelo, ndipo akuti ndifike isanakwane 2 koloko chifukwa sabata yatha unatha mpira usanafike pakati.