Vitz kapena Mira? Kwa ife akuchigwa, ine ndikuti Vitz

Anzanga amene mukusunga kangachepe kuti mugule kagalimoto, ndikuona ambiri mwakopeka ndi Daihatsu Mira chifukwa siimwa mafuta ambiri. Zimenezo sindikutsutsa. Koma ngati mumakhala ku Nchalo, Ngabu kapena Bangula ndipo mumakwera ku Blantyre kawirikawiri, tengani Toyota Vitz yakale ija, ngakhale ikhale ya 2003.

Mira anaipangira misewu ya m'matauni a ku Japan. Lamulo la kumeneko limati tigalimoto ta gulu lake injini isapitirire 660cc ndipo okwera asapose anayi. Vitz yoyamba, yomwe inatuluka mu 1999, ngakhale yaing'ono kwambiri ili ndi 1000cc ya masilinda anayi, zina zimafika 1300cc ngakhale 1500cc. Kuchoka pa Dyeratu kukafika ku Nsanje msewu ndi wathyathyathya, kusiyanaku simukuona kwenikweni. Mumakuona mukawoloka mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Thabwa n'kuyamba chitunda.

Mwezi wa Novembala masana, dzuwa likuswa mtengo, kutentha kwapitirira madigiri 40. Mwanyamula mayi a kunyumba ndi ana, kumbuyo kuli thumba la mapira la achibale a ku Ndirande. M'makhotakhota aja kainjini ka Mira kamachita kulira, phazi mwapondereza mpaka pansi, AC mwazimitsa kale, thukuta lili kamukamu, maso ali pa kanyali koonetsa kuti injini yatentha. Kutsogolo kukakhala lole yodzaza shuga, kuipitirira iwalani. Mafuta omwe mumati mupulumutsa aja, ena amathera pomwepo. Vitz nayo siithamanga pachitundapo ayi, koma imakwera mphamvu ikadalipo.

Za masipeya nazonso Vitz siivuta. Amakaniko athu a pansi pa mtengo anaizolowera, ndipo chikasowa kuno, ku Limbe mukachipeza.

Amene Mira ingawakwanire alipo. Aphunzitsi kapena anamwino omwe ulendo wawo ndi wa pa Nchalo kukafika pa boma la Chikwawa n'kubwerako, gulani, simudzadandaula. Msewu wa ku East Bank wopita ku Fatima nthawi ya dzinja, zonse ziwiri n'zazifupi, zimakhula mimba pansi, ndipo tonse tikukumbuka mmene namondwe wa Freddy anasiyira misewu yathu mu 2023.

Iliyonse imene mungasankhe, musakopeke ndi penti wowala. Tsegulani boneti, onani radiator, thanki ya madzi oziziritsa injini, ngati siikudontha, dikirani fani izungulire injini ikatentha. Chondipweteka mtima n'chakuti ambiri timathiramo madzi a pa mjigo, chikhalirecho madzi a m'mijigo yambiri kuno ndi amchere, amadya radiator m'kati mwakachetechete. Gulani coolant, madzi apadera othira mu radiator. Ndipo potsika phiri lija ikani giya yaing'ono, musamangodalira mabuleki mpaka pa Thabwa, amatentha n'kusiya kugwira.