Tsidya lino ndi tsidya ilo la mtsinje wa Detroit

Alamu anga akaimba foni kuchokera kumudzi, funso lawo ndi lomwelo: "Alamu, kwabwino n'kuti, Amereka kapena Canada?" Ine ndimakhala ku Detroit, ndipo ndikaima m'mbali mwa mtsinje nyumba za ku Windsor, mzinda wa ku Canada, ndimaziona bwinobwino. Pakati pangokhala madzi amene anthu amawoloka pa mlatho wa Ambassador, koma kakhalidwe n'kosiyana.

Ndalama zili kuno, zimenezo sindikana. Mu 2023 banja lapakatikati ku Amereka linkapeza madola 80,610 pachaka. Alamu atamva anaimba likhweru. Ndinawauza adikire kaye, chifukwa chaka chomwecho kafukufuku wa banki yaikulu ya Federal Reserve anapeza kuti anthu 37 mwa 100 alionse sakanatha kuthana ndi vuto ladzidzidzi la madola 400 popanda kukongola kapena kugulitsa katundu. Galimoto ikangofa, banja lagwedezeka, pajatu kuno wopanda galimoto kuntchito safika. Malipiro otsikitsitsa amene boma lalikulu limalola ndi madola 7.25 pa ola, ndipo sanasinthe chiyambire 2009, ngakhale zigawo zambiri, kuphatikizapo Michigan kumene kuli Detroit, zinakweza awoawo.

Pamene pagona nkhani ndi kuchipatala. Kuno inshuwalansi ya ambiri imadalira ntchito: ntchito ikatha, nayonso yapita. Mu 2023 anthu pafupifupi 26 miliyoni analibe inshuwalansi iliyonse. Ngakhale uli nayo, pamakhala ndalama yoti uyambe walipira wekha kampani isanaponyepo kanthu. Mnzanga wina atagwa pa ayezi anakana ambulansi kwamtuwagalu, nadzikokera m'galimoto ya neba, poopa bilu. Chodabwitsa n'chakuti Amereka imathira pa zaumoyo ndalama zoposa 17 peresenti ya chuma chake chonse, Canada pafupifupi 12, komabe mu 2023 munthu wa kuno ankayembekezeka kukhala zaka 78, wa tsidya ilo zoposa 81.

Ku Windsor munthu amangoonetsa khadi la OHIP, inshuwalansi ya boma la chigawo chawo cha Ontario, dokotala n'kumuona osatulutsa kobiri. Dongosololi linayambira ku chigawo cha Saskatchewan, kumene mu 1962 boma linayamba kulipira madokotala m'malo mwa odwala. Mankhwala nawonso ndi otsika mtengo, n'chifukwa chake mu 2019 Bernie Sanders, wandale wa ku Amereka, anakwera basi ndi odwala shuga kukagula insulin ku Windsor.

Za uchembere ndiye musanene. Lamulo la kuno la 1993 limapereka masabata 12 opanda malipiro, ndipo si antchito onse amene limawakhudza. Ku Canada makolo angathe kukhala pakhomo pafupifupi chaka akulandira 55 peresenti ya malipiro, mpaka pa mlingo umene boma linaika. Ndikaona mayi akusiya khanda la milungu isanu ndi umodzi kuthamangira shifiti, ndimakumbukira kwathu, kumene chikuta chimalemekezedwa.

Koma tisamatame Canada ngati kumwamba. Zaulere zili ndi mzere wake. Opaleshoni ya bondo ungaidikire miyezi, ndipo ambiri alibe dokotala wawo wokhazikika. Msonkho wa m'sitolo ku Ontario ndi 13 peresenti, ku Michigan 6. Nyumba za ku Toronto ndiye wachinyamata amangoziyang'ana.

Ochenjera ndi anamwino ena a ku Windsor. M'mamawa amawoloka kudzagwira ntchito m'zipatala za Detroit, kulandira dola yamphamvu, madzulo n'kubwerera kwawo khadi la OHIP lili m'chikwama. Nditawafotokozera zimenezi alamu anakhala phee, kenako anafunsa kuti lendi ku Windsor ndi zingati.