Tchuthi cha Eid musachidandaule chonde

Ndawerenga nkhaniyi yoti ena akudandaula kuti holide ya Eid imalengezedwa mochedwa, mwina usiku wake womwewo. Abale inu, si kuti Asilamu amachitira dala ayi, Ramadan imatha masiku 29 kapena 30 kutengera mwezi ukaoneka kumwambaku, ndiye a Muslim Association of Malawi sangalengeze mwezi usanaoneke, boma nalo limadikira iwowo. Ine ndine Mkhristu koma ndakulira kwa Tambala kuno ku Dedza, anzathu achiyao ndi ambiri ndipo ndimaona ndi maso anga mmene amavutikira, mwezi wathunthu osadya osamwa ngakhale kadontho ka madzi kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, chonsecho akugwira ntchito kudimba, ena akupalasa kabaza mapiri athuwa. Tsiku la Eid amalawirira kukaswali atavala zoyera, asanapite amayamba apereka kaye chakudya kwa osauka kuti nawonso adye bwino, ndipo ife aneba mbale ya mpunga imatipeza ndithu. Ifeyo tili ndi Khrisimasi, Good Friday ndi Easter Monday, iwo ali ndi tsiku limodzi lokhali. Bwenzi boma litawaganiziranso pa Eid ya kuzinga mbuzi ija, poti Asilamu amachita kupempha chilolezo pantchito kuti akapemphere, zimandikhudza kwambiri.