Kuchedwetsa nyimbo sikuifikitsa pamtima

Sabata yatha ndinachezera usiku utatu ndikujambula nyimbo ina yotchuka, piyano yokha ndi mawu anga, foni itatsamira pa mulu wa mabuku. Pali chinthu chomwe chimandiwawa ndikamamvera ma cover (kuimbanso nyimbo ya munthu wina) a mtundu uwu pa YouTube ndi pa TikTok. Ambiri timaganiza kuti ukachotsa ng'oma, bass ndi magitala, chotsatira n'kuikoka nyimbo pang'onopang'ono, kuponda pedal (chopondera cha pansi pa piyano) osaisiya, basi yafika pamtima. Ine ndikukana.

Nanenso ndinayamba choncho. Nyimboyi imayenda pa ma beat pafupifupi 120 pa mphindi, ine n'kuitsitsa mpaka 70. Nditaimvera m'mawa mwake inali yolira, pomwe mawu ake ndi a munthu amene mtima wadzaza chimwemwe. Ndinaikweza pa 100, dzanja lamanzere likungogunda manotsi awiri, loyamba la chord (manotsi angapo olira limodzi) ndi lachisanu lake, ndipo nyimbo inadzuka.

Za pedal yakumanja ija ndiye mundimve bwino. Ukaiponda, tizinsalu tomwe timatontholetsa zingwe timanyamuka tonse, zingwe n'kumalira momasuka. N'zokoma, inde. Koma ukapanda kukweza phazi pamene chord ikusintha, phokoso lakale limalowerera m'latsopano, zonse n'kusanduka matope. Phazi liyenera kupuma limodzi ndi woimba. Ineyo ndinachita kuvula nsapato kuti ndizimva pamene pedal yayamba kugwira.

Bartolomeo Cristofori atapanga chida ichi cha piyano ku Florence ku Italy cha m'ma 1700, chachilendo chake chinali chakuti chimalira motsitsa kapena mokweza malingana ndi mphamvu ya chala, n'chifukwa chake chinatchedwa pianoforte, kutanthauza motsitsa ndi mokweza m'Chitaliyana. Ndiye zimandipweteka kumva munthu akusindikiza makiyi onse ndi mphamvu imodzimodzi kuyambira vesi mpaka kolasi. Foni nayo imawonjezera vuto, chifukwa mafoni ambiri amakweza okha malo amene waimba motsitsa. Yanga ndinaiika patali pang'ono, ndinazimitsa fani, ndipo vesi yoyamba ndinaiimba ngati ndikunong'oneza munthu wokhala pafupi nane.

Piyano ili ndi makiyi 88, koma pa nyimbo yonseyi sindinakhudze opitirira 30. Pamalo pamene ng'oma zimagunda mwamphamvu m'nyimbo yeniyeni, ine ndinasiya chete kwa ma beat awiri. Poyamba chete ameneyo ankandichititsa mantha, zala zinkayabwa kufuna kudzazapo kanthu.

Nyimboyi si yanga, ndiye dzina la mwini wake ndalilemba pamwamba penipeni pa cover yangayi. Ndinajambula maulendo 14, ndipo yomwe ndaika ndi ya nambala 9. Mukamvetsera bwino kolasi yomaliza isanayambe mumva mpando ukulira ndi ine ndikukoka mpweya. Sindinazichotse.