Agogo a kuseli kwathu ndi khadi ya mpingo

Ndakhala masiku atatu ndikulemba nkufufuta, kulemba nkufufuta, manje ndati ai lekani ndingolemba, amene akwiye akwiye. Loweruka lapitali tinaika agogo ena a kuno ku Chawama ku manda a Chingwere, ndipo zimene ndaona pa miyezi 7 yomwe anali chigonere zandisiyira mafunso pa mipingo yathuyi, makamaka wanga womwe, so musayambe zoti uyu akunyoza chalichi cha anzake. Dzina la mpingo sinditchula, amene tipemphera limodzi mudziwa kale.

Agogowa kwao kunali ku Chadiza, anabwera mu Lusaka nthawi ya a Kaunda ndipo agwira ulonda zaka zambirimbiri ku mashopu a ku Kamwala. Akazi ao anamwalira kale, ana alipo awiri koma mmodzi foni yake siilowa, winayo amayankha nkunena kuti nitumiza month end, month end yake sinafike mpaka lero. Ankakhala mkachipinda kamodzi kuseli kwa nyumba yomwe tichita lendi. Sitiroko itawagwira mbali yonse ya kumanja inafa, mau anayamba kutuluka mokokakoka, kuchipatala anakhalako masabata awiri nkuwatulutsa ati kawasamalireni kunyumba. Kunyumba kwake kuti, kwa ndani?

Amene anayamba ndi amai ena a Katolika a pa nyumba yachitatu, ogulitsa tomato ndi malasha pa msewu. Iwo ndi amene anamva fungo mmawa wina nkutsegula chitseko. Anabwera kudzandigogodera, ati amake mwana tiyeni mukaone, sitingakhale chonchi. Kenako anabwera amai a Dorcas a ku Sabata, kenako mtsikana wina wa ku pente amene ndinkamuona ngati wamatama chifukwa cha mawigi ake, ndipepese poyera pano, ndi amene anachapa mabulangete kuposa tonse. Tinakhala anayi, mipingo inayi yosiyana, tinalemba masiku kuseli kwa kalenda yakale nkukhoma pachitseko. Ine langa linali Lachiwiri ndi Lachisanu ndisanapite ku ntchito.

Amene simunasamalireko munthu wamkulu wogona pansi simungamvetse, nkhani ya phala ndi yochepa. Phala la nsinjiro umawaphikira pa mbaula, kuwakhazika motsamira khoma, kuwapatsa pang'onopang'ono ndi supuni chifukwa akameza mofulumira atsamwa. Ntchito yeniyeni ndi kuwatembenuza, kuwapukuta, kusintha. Matewera a akulu a ku famasi ndi odula, paketi imodzi siitha sabata, so tinang'amba zitenje zakale nkumachapa tsiku ndi tsiku, madzi ake ogula pa kiosiki ndi kontena. Pamsana panayamba zilonda, nesi wina wa ku kiliniki anatiphunzitsa kuwatembenuza pafupipafupi ndi kusalola kuti agone ponyowa. Tsiku loyamba lomwe ndinawasambitsa agogo anatembenuzira nkhope kukhoma, misozi ikungotsika, osanena kanthu. Mwamuna wachichewa wa zaka zimenezo kusambitsidwa ndi mkazi woti ndi msinkhu wa mwana wake, mudziwa nokha mmene zilili kwathu. Ine ndinangoyang'ana pa beseni.

Ndipo apa ndipo pali funso langa loyamba, azibambo a mumpingo muli kuti? Mabungwe a azibambo alipo pafupifupi mpingo uliwonse, masuti alipo, mataye ofanana, pa konferensi mumadzaza basi. Koma miyezi 7 palibe bambo ngakhale mmodzi amene anabwera kudzagwira thaulo. Mwamuna yekhayo amene anatithandiza ndi mnyamata wachisilamu wa pa kantemba, Lachisanu lililonse pochokera ku mzikiti ankasiya pamela, kapaketi kakang'ono ka ufa, ndi sopo pakhomo, ndipo iye ndi amene ankawanyamula kuwatulutsa panja kuti aothe dzuwa ndi kuwameta ndevu.

Mwezi wachiwiri ndinapita kwa akulu a mpingo kwathu, mwaulemu wonse, kugwada kumene. Ndinati atate, pali agogo pafupi ndi ine, tikupempha kangachepe ka matewera ndi ufa. Funso loyamba linali lakuti ali ndi khadi? Ndinati ai, ankapemphera kumudzi kalekale. Anati nkhani yake ndi yovuta, thumba la zachifundo ndi la mamembala, koma tiikambirana ku komiti. Komitiyo inakhala, yankho silinabwere. Sondo lomwelo kunali kusonkha kwa matailosi ndi masipika atsopano, magulu akupikisana, MC akutchula ndalama pa maiki anthu nkumaimba nthungululu, ndipo ine ndemwe ndinaponyamo, sindikudziyeretsa. Koma ndili pa benchi paja ndinkangowerengera mumtima kuti bokosi limodzi la matailosi ndi matewera a masabata angati.

Ndimvetsa ndithu chifukwa chake khadi ilipo. Alipo anthu amene moyo wao onse satulukira pakhomo la chalichi, koma akamwalira abale amabwera ndi ukali kufuna kwaya, abusa, tenti, basi yonyamula anthu, zonse zaulere. Thumba ndi laling'ono, osonkhawo ndi ife omwe ogulitsa pa msika, ndipo kuyambira chilala cha 2024 chija chomwe a Hichilema anachita kulengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, ufa sunatsike mokondweretsa aliyense. A JCTR, bungwe la ansembe achikatolika a Jesuit, amatulutsa mwezi ndi mwezi mtengo wa zofunika pa banja kuno ku Lusaka, ukaona nambala yao ndi kuyang'ana malipiro ako umangoseka. So sindikunena kuti mpingo uli ndi ndalama zotayira. Sindikunenanso kuti boma lipume, social cash transfer ndi makiliniki ndi ntchito yao ndipo tiziwafunsa. Ndikunena za mmene timasankhira pogwiritsa ntchito kochepa komwe tili nako.

Chimene chimandiwawa nchakuti sitinayambe chonchi. Ine ndinabadwira ku St Francis ku Katete, chipatala chomwe a Anglican anayambitsa mu 1948 ndipo pano amachiyendetsa pamodzi ndi a Katolika. Amai anga sanali a mpingo uliwonse mwa iwiriyi, atate anga anali a gule kumene, koma palibe anafunsa khadi pa geti. Pitani ku Mwami kwa a Sabata, ku Nyanje kwa a Reformed, ku Chikankata kwa a Salvation Army, ndi chimodzimodzi, wodwala ndi wodwala. Ku Magwero komwe amishoni a Dutch anafikira mu 1899 kuli sukulu ya akhungu ndi ya osamva, anthu aja anaona kuti mwana wosaona akuyenera kuphunzira pomwe ambiri ankangomubisa mnyumba. Mipingo inachita kugwirizana mu 1970 nkupanga bungwe limodzi la zipatala zao, lomwe pano timalidziwa kuti CHAZ, ndipo kumidzi kwathu malo ambiri ukachotsa chipatala cha mishoni ndiye kuti palibe chipatala. Amishoniwo anali ndi zolakwa zao zambiri, ya gule ija tidzakamba tsiku lina, koma pa ichi chokha tisawanamizire.

Ndipo simufunikanso kubwerera kutali. Amene munali mu Lusaka mzaka za m'ma 1990 mukumbukira mmene edzi inkatithera, ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2005. Mkomboni muno amene ankalowa mnyumba zomwe abale eniake ankaopa anali amai a home based care a m'maparishi, ndi kachikwama ka magolovesi, sopo ndi soya. Azakhali anga anamwalirira mmanja mwa amai otere ku Mtendere, amai oti sitinkawadziwa nkomwe. Ku Kalingalinga kuli hospice ya a Katolika, malo osamalira odwala kwambiri, ku Kasisi masisitere akulera ana amasiye kuyambira kalekale. Ngakhale pa ndale, mu 1991 a Kaunda ndi a Chiluba anakumana ku Cathedral of the Holy Cross chifukwa atsogoleri a mipingo ndi amene anawakhazika pansi. Chaka chomwecho mu December a Chiluba nkulengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu. Manje machalichi achuluka kuposa kale, mu Chawama muno kalasi iliyonse ya sukulu pa Sondo ndi chalichi, pena makalasi oyandikana masipika kulimbana, koma agogo kuseli kwa nyumba akugona ponyowa.

Agogo anamwalira Lachitatu mbandakucha, anawapeza ndi amai a tomato aja. Za polisi ndi mapepala ndi mochale tinathamanga ndi mnyamata wa kantemba. Ndinabwereranso kwa akulu a mpingo, ulendo uno kupempha chabe kuti wina adzapemphere pa manda. Yankho munalidziwa kale, abusa sangayendetse mwambo wa munthu wopanda khadi, ndipo amai tisavale yunifomu. Chabwino, lamulo ndi lamulo. Koma Lachinayi usiku amai anabwera okha, a mipingo yonse inayi ndi ena oti sindinawaonepo, ndi zitenje zao wamba, anagona pansi mkachipinda kaja ndi panja, kuimba mpaka kucha. Bokosi tinasonkha khomo ndi khomo. Mkulu mmodzi wa ku mpingo kwathu, wokalamba ndithu, anabwera ku Chingwere pa minibasi ndi Baibulo lake lakutha, anandinong'oneza kuti mwana wanga ndabwera pandekha, osati za komiti, nkuwerenga mau ndi kupemphera. Mwana wa month end uja anafika, analira kwambiri kuposa tonse, anafunsanso za wailesi ya agogo.

Pa maliro mpunga ndi nsima zinapezeka, kabichi, ngakhale nkhuku. Ndinayang'ana mapoto aja nkukumbukira sabata ina mu June yomwe agogo anadya phala lopanda shuga masiku anayi otsatizana. Ife anthu a mu Lusaka maliro timawadziwa kuyendetsa, pamenepo palibe angatiphunzitse. Ndipo pa kolera ija ya January 2024 pomwe Heroes Stadium, bwalo la mpira, inasanduka chipatala tinaonetsanso kuti zikafika poopsa timathamanga. Koma matenda a pang'onopang'ono, a munthu mmodzi, opanda kamera, ndi amene amatigonjetsa.

Chimene ndikupempha si chachikulu. Sekishoni iliyonse ikhale ndi kabuku ka anthu ogona pansi a mdera lake, akhale membala asakhale membala. Chopereka cha Sondo limodzi pa miyezi itatu chipite ku kabuku kameneko ndipo chiwerengedwe poyera ngati mmene timawerengera za matailosi. Ndipo azibambo, odwala aamuna akhale anu, kusambitsa ndi kumeta, sizichotsa ulemu wa suti. Ndidzazinenanso pa msonkhano wa mpingo mwezi wamawa, ngati andipatse mpata, so amene muli mu komiti musadzadabwe.

Kachipinda kaja alandilodi alowetsamo kale munthu wina. Kalenda ija tinaichotsa koma sitinataye, tangoitembenuzira ku nyumba ina kumunsi pafupi ndi mpope, kuli amai a shuga amene anawadula mwendo mwezi watha ndipo akukhala ndi mdzukulu wa giredi 6 chabe. Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachisanu alipo anthu. Lachinayi ndi Loweruka palibe, amene muli pafupi ndi Chawama ndilembereni ku inbox.